Kiriketi ndi nyimbo za Asufi: kumene anthu a ku Pakistan amapeza kunyada kwawo

Dziko la Pakistan linabadwa pa 14 Ogasiti 1947, pamene atsamunda a ku Britain anagawa India pawiri asananyamuke, ndipo kuyambira tsiku limenelo atsogoleri ake akhala akulimbana ndi funso lakuti anthu a m'dzikomo angagwirizane pa chiyani. Muli Apunjabi, Apashtuni, Asindhi, Asaraiki, Abalochi ndi mitundu ina ing'onoing'ono, ndipo mtundu uliwonse uli ndi chiyankhulo chake ndi mbiri yake imene inayamba kalekale dzina loti Pakistan lisanamveke n'komwe. Atsogoleri oyambirira ankakhulupirira kuti chipembedzo cha Chisilamu ndi chiyankhulo cha Chiurdu zikwanira kumanga mtundu umodzi, ngakhale kuti anthu amene anayamwira Chiurducho sakwana 10 pa anthu 100 alionse. Maganizo amenewa anagwedezeka kwambiri mu 1971, pamene chigawo chakum'mawa, chimene anthu ake ambiri anali Asilamu oyankhula Chibengali, chinapatuka pambuyo pa nkhondo yokhetsa mwazi n'kukhala dziko la Bangladesh.

Ngakhale zili choncho, pali zinthu ziwiri zimene munthu wa ku Peshawar, wa ku Karachi ndi wa kumidzi ya ku Punjab amazitchula kuti "zathu" mosakakamizidwa, ndipo zimenezi ndi masewera a kiriketi ndi nyimbo za Asufi, Asilamu otsata njira yotsindika kukonda Mulungu. Boma lakhala likuzigwiritsa ntchito zonse ziwiri pofuna kudzigulira mbiri, koma mphamvu yake yeniyeni inachokera kwa anthu wamba, kumisewu ya m'matauni ndi kumanda a anthu oyera mtima. Ine ndikuona kuti n'chifukwa chake zinafika pamene malamulo ndi mabuku a sukulu analephera kufika.

Kwa owerenga amene sanaonerepo kiriketi, masewerawa amakhala a matimu awiri a anthu 11. Wosewera wa timu ina amaponya mpira wolimba wachikopa molunjika pa timitengo titatu tozikidwa pansi, pamene wa timu inayo amateteza timitengoto ndi thabwa lomenyera, uku akuyesetsa kumenya mpirawo kutali kuti apeze mapointi, ndipo mpira ukagwetsa timitengoto amatuluka n'kulowa mnzake. Mpikisano wakale wotchedwa Test umatha masiku asanu, wina umatha tsiku limodzi, ndipo waufupi kwambiri wotchedwa T20 umatenga maola atatu kapena kupitirira pang'ono. Anabweretsa masewerawa ndi Angerezi, ndipo m'zaka zoyambirira za ufulu ankaseweredwa makamaka ndi ana a mabanja ophunzira a m'makoleji a ku Lahore ndi Karachi. Pamapepala a boma masewera a dziko ndi hockey, amene anapatsa Pakistan mendulo zagolide za Olympics mu 1960, 1968 ndi 1984, koma mitima ya anthu inapita kwina.

Pakistan inaloledwa kusewera mipikisano ya Test mu 1952, motsogozedwa ndi kaputeni Abdul Hafeez Kardar. Patangopita zaka ziwiri, mu Ogasiti 1954, timuyi inagonjetsa England pabwalo la The Oval mu London, pamene Fazal Mahmood yekha anatulutsa omenya mpira 12. Dzikolo linali litangokwanitsa zaka 7, lidakali ndi anthu miyandamiyanda othawa kwawo amene ankagona m'misasa, ndipo kumva pa wailesi kuti anyamata awo agonjetsa atsamunda pa masewera a atsamundawo, pakhomo pawo penipeni, kunali umboni woti dziko latsopanoli lilipodi ndipo ena akulidziwa. Mu 1958 Hanif Mohammad anaima pabwalo la ku Bridgetown kwa mphindi 970 n'kupeza mapointi 337 kuti apulumutse timu yake kwa West Indies, ndipo mpaka lero palibe amene anaimapo nthawi yaitali chotero pa mpikisano wa Test.

Chimene chinasandutsa kiriketi kukhala ya aliyense chinachitika m'zaka za m'ma 1970, pamene wailesi ndi wailesi yakanema zinayamba kuulutsa masewerawa m'Chiurdu, ndipo anyamata a m'misewu ya Karachi anapeza njira yosewerera popanda zipangizo zodula. Iwo ankatenga mpira wa tenesi n'kuukulunga ndi tepi imene amisiri a zamagetsi amamangira mawaya, kotero kuti unkalemerako, unkaterera ndiponso unkathamanga, koma sunkavulaza munthu ngati mmene mpira wachikopa umachitira. Mpira wa tepiwu uli ndi malo amene mpira wachikulunga uli nawo pa moyo wa ana a kwathu kuno. M'malo mwa timitengo amasanja njerwa kapena kuimika mpando, malire a bwalo amakhala khoma la sitolo ndi ngalande, ndipo m'madera ambiri womenya mpira n'kuugwetsera m'mpanda wa eni ake amatuluka pomwepo. M'mwezi wa Ramadhani, mapemphero a usiku akatha, anyamata amakoka mawaya a mababu pamwamba pa msewu n'kusewera mpaka nthawi ya chakudya cha m'bandakucha, anthu a m'deralo atadzaza m'makonde kuchemerera.

Popeza mpira wa tepi ndi wopepuka, amene akufuna kuuponya mwaliwiro amayenera kuzunguza mkono mofulumira kwambiri ndi kuulunjika pamapazi pa womenya, ndipo luso limeneli ndi limene linapatsa Pakistan dzina padziko lonse monga kwawo kwa oponya mpira mothamanga. Wasim Akram anakulira m'misewu ya Lahore ndipo Javed Miandad, katswiri womenya mpira wa timu ya dziko, anamuona akuponya pa malo oyeserera mu 1984, moti chaka chotsatira anali kale mu timu ya dziko ku New Zealand. Waqar Younis anachokera ku tauni yaing'ono ya Burewala. Shoaib Akhtar wa ku Rawalpindi anaponya mpira pa liwiro la makilomita 161.3 pa ola mu 2003 ku Cape Town, liwiro limene palibe amene walipitirira. Haris Rauf ankasewera mpira wa tepi wokhawokha mpaka anakaonekera pa mayeso osankha osewera mu 2017. Nkhani zoterezi makolo ndi ana amazidziwa pamtima, chifukwa m'dziko limene ntchito zabwino zimayendera dzina la banja ndi kudziwana, kiriketi ndi khomo limene mwana wa mmphawi angathe kulowerapo ndi mkono wake wokha.

Palinso luso lina limene anthu a ku Pakistan amalitenga ngati chuma chawochawo. Mpira wachikopa ukakalamba, osewera amapukuta mbali imodzi ndi thukuta kuti izinyezimira, mbali inayo n'kuisiya yokhakhala, ndipo akauponya mwamphamvu umakhotera kumene womenya sakuyembekezera, nthawi yozemba itatha kale. Sarfraz Nawaz ndiye amadziwika kuti analikulitsa lusoli, n'kulipatsira Imran Khan, amene analipatsiranso Wasim ndi Waqar. Awiriwa atasambula England mu 1992, nyuzipepala zina za kumeneko zinawanena kuti amabera pokanda mpira. Koma pamene England inagwiritsa ntchito luso lomwelo pogonjetsa Australia mu 2005, anthu analitamanda monga nzeru zakuya. Kusiyana kumeneku anthu a ku Pakistan sanakuiwale, ndipo pa mfundo imeneyi ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira.

Chimake cha zonsezi chinali chikho cha dziko lonse cha 1992. Timu ya Imran Khan inayamba moipa, inapambana kamodzi kokha pa masewera asanu oyambirira, ndipo ku Adelaide inapeza mapointi 74 okha pokumana ndi England, n'kupulumutsidwa ndi mvula. Kenaka zinthu zinatembenuka. Mnyamata wina wa ku Multan, Inzamam-ul-Haq, anamenya mapointi 60 pa mipira 37 n'kutulutsa New Zealand mu ndime yachiwiri kwa yotsiriza, ndipo pa 25 Malichi ku Melbourne, mkati mwa mwezi wa Ramadhani, Wasim Akram anagwetsa timitengo ta Allan Lamb ndi Chris Lewis pa mipira iwiri yotsatizana, Pakistan n'kutenga chikho ndi mapointi 22. Osewera ena a timuyo akhala akufotokoza kuti m'masiku ovutawo ankalimba mtima pomvera makaseti a woimba nyimbo za Asufi Nusrat Fateh Ali Khan, ndipo pambuyo pake woimba yemweyo anaimba m'makonsati osonkhetsa ndalama zomangira chipatala cha khansa cha Shaukat Khanum, chimene Imran Khan anatsegula ku Lahore mu 1994 pokumbukira mayi ake.

Nyimbo zimene Nusrat ankaimbazo ndi zakale kwambiri kuposa kiriketi, ndipo kuti timvetse kulemera kwake tiyenera kuyamba ndi Asufi eni ake. Usufi ndi njira ya m'Chisilamu imene imatsindika kuyeretsa mtima ndi kukonda Mulungu, munthu akutsogozedwa ndi mphunzitsi amene nayenso anaphunzira kwa mphunzitsi wina, mndandanda wake n'kukafika kwa Mtumiki Muhammad. Njirayi si yachilendo kwathu kuno, pakuti Asilamu a Qadiriya a ku Malawi, amene amadziwika ndi sikiri, amatsata gulu limene linatenga dzina kwa Abdul Qadir Jilani wa ku Baghdad, ndipo gulu lomweli lili ndi otsatira ambiri ku Punjab ndi ku Sindh. M'madera amene lero ndi Pakistan, aphunzitsi a Chisufi ndi amene anafikitsa Chisilamu kwa alimi, asodzi ndi owomba nsalu, ndipo manda awo anasanduka malo amene anthu amakasonkhanako. Ku Lahore kuli Data Darbar, kumene kunaikidwa Ali Hujwiri wa m'zaka za m'ma 1000. Ku Pakpattan kuli Baba Farid, ku Sehwan kuli Lal Shahbaz Qalandar, ndipo mzinda wa Multan uli ndi manda ambiri oterewa mwakuti anthu amautcha mzinda wa oyera mtima.

Mfundo yaikulu pa nkhani ya kunyada ndi yakuti ambiri mwa aphunzitsiwa anali alakatuli, ndipo ankalakatula m'ziyankhulo za anthu wamba pa nthawi imene mabwalo a mafumu ankagwiritsa ntchito Chiperisiya. Baba Farid ndi Bulleh Shah wa ku Kasur analakatula m'Chipunjabi, Shah Abdul Latif Bhittai, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1689 mpaka 1752, analakatula m'Chisindhi, Rahman Baba m'Chipashto, ndipo Khwaja Ghulam Farid m'Chisaraiki. Zifanizo zawo ankazitenga pa moyo wa tsiku ndi tsiku, monga mtsikana wopota thonje la ukwati wake, mkazi woyenda m'chipululu kusaka wokondedwa wake, kapena wopalasa bwato pa mtsinje wa Indus, ndipo m'zonsezi mzimu wa munthu ndi umene ukufunafuna Mlengi wake. Ankadzudzulanso poyera atsogoleri achipembedzo odzikuza ndi anthu osankhana mitundu. Motero Msindhi akamaimba ndakatulo za Shah Latif amakhala Msindhi, Msilamu ndi nzika ya Pakistan pa nthawi imodzi, popanda womuuza kuti asiye chimodzi kuti atenge china, chinthu chimene ndondomeko ya chiyankhulo chimodzi inalephera kumupatsa. Ku Bhit Shah, oimba ovala zakuda amaimbabe ndakatulozo usiku uliwonse pakhomo pa manda ake.

Mtundu wa nyimbo umene unatchuka kwambiri kunja ndi qawwali, umene unakulira m'gulu la Chishti ndipo mwambo umauyambira kwa Amir Khusrau, mlakatuli wa ku Delhi amene anamwalira mu 1325. Lachinayi madzulo, anthu amavula nsapato pakhomo la malo oyerawo, kuphimba kumutu ndi kukamwaza maluwa pamanda asanakhale pansi. Oimba, amene nthawi zambiri amakhala amuna a banja limodzi osapitirira khumi, amakhala pansi m'mizere iwiri, kutsogolo kuli wotsogolera nyimbo ndi oliza malimba ang'onoang'ono opopa ndi dzanja otchedwa harmonium, kumbuyo kuli woimba ng'oma za tabla kapena dholak pamodzi ndi ovomera amene amawomba m'manja mwamphamvu. Amayamba ndi nyimbo yotamanda Mulungu, kenaka yotamanda Mtumiki, kenaka za oyera mtima ndi za chikondi. Wotsogolerayo maso ake amakhala pa anthu, ndipo akaona kuti mzere wina wa ndakatulo wamukhudza munthu mpaka kugwetsa misozi kapena kuimirira n'kuyamba kuzungulira, amaubwereza mzerewo kambirimbiri, n'kulowetsamo mavesi a alakatuli ena ogwirizana nawo, mpaka munthuyo mtima utakhala pansi. N'chifukwa chake nyimbo imodzi imatha theka la ola kapena kupitirira. Omvera amapereka ndalama kwa oimba nyimbo ili mkati, ndipo panja pamakhala miphika ikuluikulu ya mpunga ndi mphodza zimene aliyense amadya kwaulere, osafunsidwa kumene wachokera.

Ku Sehwan mwambo wake ndi wina. Dzuwa likamalowa amaliza ng'oma zikuluzikulu ndipo amuna ndi akazi amavina gule wotchedwa dhamaal, ndipo pa chikumbutso cha chaka ndi chaka cha Lal Shahbaz Qalandar, Ahindu a ku Sindh nawonso amakhala ndi gawo lawo pa miyamboyo.

Nusrat Fateh Ali Khan anabadwira ku Faisalabad mu 1948, m'banja limene lakhala likuimba qawwali kwa mibadwo yambiri. A Sabri Brothers anali ataimba kale ku Carnegie Hall mu New York mu 1975, koma Nusrat ndiye anatsegula zitseko zonse ataimba pa chikondwerero cha WOMAD ku England mu 1985 ndi kujambula nyimbo ndi kampani ya Real World ya Peter Gabriel. Anthu a ku Paris ndi Tokyo osamva liwu limodzi la Chipunjabi ankadzaza maholo kudzamumvera. Kwa ana a anthu a ku Pakistan obadwira ku Bradford ndi Birmingham, amene ankanyozedwa chifukwa cha kumene makolo awo anachokera, kuona azungu akufola kuti amve nyimbo za agogo awo chinali chinthu chachikulu. Nusrat anamwalira ku London mu Ogasiti 1997 ali ndi zaka 48 zokha. Abida Parveen wa ku Larkana anapitiriza kutchukitsa ndakatulo za Chisindhi ndi Chisaraiki, ndipo kuyambira mu 2008 pulogalamu ya Coke Studio, yolipiriridwa ndi kampani ya Coca-Cola, yakhala ikukhazika oimba a kumanda ndi oimba magitala m'chipinda chimodzi, kotero kuti achinyamata amene sanapondepo ku Kasur amaimba mavesi a Bulleh Shah pa mafoni awo. Ena amadandaula kuti nyimbo yopembedzera ikasanduka yotsatsira chakumwa imataya ulemu wake, ndipo dandaulo limeneli siliyenera kunyozedwa.

Si Asilamu onse a ku Pakistan amene amavomereza nyimbozi. Mashehe ambiri a magulu a Deobandi ndi Ahl-e-Hadith amaphunzitsa kuti zoimbira ndi kupempha madalitso pamanda n'zosayenera, ndipo mtsutso umenewu ndi wakale, wochitika m'mabuku ndi m'maulaliki. Zigawenga ndi zimene zinausandutsa wamagazi, ndipo n'zochititsa chidwi kuti zinalimbana ndi kiriketi ndi malo a Asufi pa nthawi imodzi. Pa 3 Malichi 2009 amuna a mfuti anathira zipolopolo basi ya timu ya Sri Lanka pafupi ndi bwalo la Gaddafi ku Lahore, n'kupha apolisi 6 ndi anthu wamba awiri, ndipo patangopita masiku awiri bomba linaphulika pamanda a Rahman Baba ku Peshawar. Mu Julayi 2010 anthu oposa 40 anaphedwa ku Data Darbar. Mu Juni 2016 woimba qawwali Amjad Sabri anawomberedwa m'galimoto yake ku Karachi, ndipo pa 16 Febuluwale 2017 munthu wodziphulitsa anapha anthu oposa 80 ku Sehwan, dhamaal ili mkati.

Matimu akunja anasiya kupita ku Pakistan, ndipo kwa zaka zambiri timu ya dzikolo inkasewerera masewera ake "apakhomo" ku Dubai, Abu Dhabi ndi Sharjah, m'mabwalo amene nthawi zambiri ankakhala opanda anthu. Pa manyazi amenewa panawonjezekanso ena mu 2010, pamene osewera atatu anagwidwa atalandira ziphuphu pa mpikisano wa pabwalo la Lord's mu London n'kumangidwa ku England. Komabe anthu sanataye masewera awo. Timuyi inatenga chikho cha T20 mu Juni 2009, miyezi itatu yokha chichitikireni za ku Lahore. Zimbabwe ndiyo inayamba kulimba mtima mwa matimu akuluakulu n'kupita ku Lahore mu Meyi 2015, ndipo anthu anailandira ngati abale obwera kudzapepesa maliro. Ku Sehwan ng'oma zinaliranso tsiku lotsatira bomba lija, ndipo pa 5 Malichi 2017, pasanathe milungu itatu, bwalo la Gaddafi linadzaza pa ndime yotsiriza ya Pakistan Super League, ligi ya T20 ya matimu a m'mizinda ya m'dzikomo. Mu ligi imeneyi timu ya ku Lahore imatchedwa Qalandars, potengera dzina la Asufi oyendayenda, ndipo mmodzi mwa osewera ake okondedwa ndi Sikandar Raza wa timu ya Zimbabwe, amene anabadwira ku Sialkot. Mu Juni chaka chomwecho Pakistan inagonjetsa India ndi mapointi 180 pa The Oval n'kutenga chikho cha Champions Trophy, ndipo amene anatulutsa omenya atatu oyambirira a India anali Mohammad Amir, mmodzi mwa atatu omangidwa aja, atabwerera ku chilango chake.

Kunyada kumeneku sikugawidwa mofanana. Akazi amaloledwa kuvina ku Sehwan, koma m'malo ena oyera saloledwa kufika pamanda penipeni, ndipo qawwali idakali ntchito ya amuna makamaka. Alongo awiri a pachibale, Shaiza ndi Sharmeen Khan, amene anayambitsa timu ya kiriketi ya akazi m'zaka za m'ma 1990, anaopsezedwa kuti aphedwa, ndipo ngakhale timu ya Sana Mir inatenga golide pa Asian Games mu 2010 ndi 2014, atsikana saoneka kawirikawiri m'masewera a m'misewu aja.

Pali kusiyana kwinanso kumene kumaoneka bwino tikayang'ana ku India. Kiriketi imafuna wopikisana naye, ndipo chisangalalo chachikulu cha ochemerera a ku Pakistan chimabwera pogonjetsa India, monga pamene Javed Miandad anamenya mpira wotsiriza kunja kwa bwalo ku Sharjah mu 1986, kapena pamene Babar Azam ndi Mohammad Rizwan anapambana popanda wotuluka ku Dubai mu Okutobala 2021. Chifukwa cha ndale, maiko awiriwa sanayenderanenso pa masewera a awiriwiri kuyambira mu 2013, ndipo pamene Pakistan inachititsa Champions Trophy mu 2025, mpikisano woyamba wa padziko lonse kuchitikira kumeneko kuchokera mu 1996, timu ya India inakana kupita n'kusewerera masewera ake onse ku Dubai, kumene kunachitikiranso ndime yotsiriza. Nyimbo za Asufi sizingagawidwe motero, chifukwa mizu yake ili mbali zonse ziwiri za malire. Amir Khusrau anaikidwa ku Delhi, Moinuddin Chishti amene anakhazikitsa gulu la Chishti m'derali anaikidwa ku Ajmer, mavesi a Baba Farid ali m'buku lopatulika la Asikh ndipo amaimbidwa ku Amritsar, pamene nyimbo za Nusrat ndi Abida Parveen zili ndi omvera miyandamiyanda ku India. Pa mgwirizano umene maboma awiriwa anasaina mu 1974, magulu a anthu a ku Pakistan amaloledwa kupita ku Ajmer ndi ku Delhi pa zikumbutso za oyera mtimawa, ngakhale kuti m'zaka zimene ubale wafika poipa zitupa zoyendera zimachedwa kapena kukanidwa kumene.